Ma UFO ndi boma la America: ananamadi, koma amabisa chani?

Pa 8 July 1947 asilikali a pa kampu ya ndege za nkhondo ku Roswell, m'chigawo cha New Mexico, anauza atolankhani kuti atola mbale youluka yomwe inagwa pa famu ina ya nkhosa. Sikuti inali mphekesera ya pa bawo ayi, anali asilikali eni ake akulengeza. Koma tsikulo lisanathe mkulu wawo ku Fort Worth, General Roger Ramey, anaitana atolankhani nkuwaonetsa zidutswa za labala, timitengo ndi timapepala tonyezimira, nkuwauza kuti chinali chibaluni choyezera nyengo basi. Anthu anavomera, nkhani nkuzilala zaka pafupifupi 30, mpaka mu 1978 pomwe Jesse Marcel, msilikali yemwe anakatola nawo zidutswazo, anayamba kuuza anthu kuti zomwe anagwira ndi manja ake sizinali za padziko pano. Kuchokera pamenepo nkhani inangokulirakulira, mabuku kutuluka, mboni zatsopano kubwera, mitembo ya ma alien, zolengedwa zochokera kunja kwa dziko lapansi, kulowamo pomwe mu 1947 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za mtembo.

Nde mu 1994, phungu wina wa ku New Mexico dzina lake Steven Schiff atavuta kuti mafaelo afufuzidwe, Air Force, nthambi ya asilikali a ndege za nkhondo, inavomera kuti eya, zija za chibaluni cha nyengo sizinali zoona. Chinagwacho chinali cha pulojekiti yachinsinsi yotchedwa Mogul. Amamangiriza mabaluni ambirimbiri pa chingwe chotalika mamita pafupifupi 200, nkupachikapo zida zomvera phokoso, cholinga chake kumva kuchokera kumwamba ngati dziko la Soviet Union laphulitsa bomba la nyukiliya, poti nthawi imeneyo America yokha ndi yomwe inali nalo bombalo ndipo imagona tulo tamantha kudikira tsiku lomwe anzawowo adzapange lawo, lomwe linafikadi mu 1949. Ngakhale zilembo zachilendo zomwe mboni zimati zinaona pa timitengo tija, lipoti linati inali tepi ya maluwamaluwa yomwe kampani yopanga zidole inamatira pa zidazo.

Taonani bwino apa, chifukwa nkhani yonse ya ma UFO, zinthu zouluka zosadziwikazi, yagona pomwepa. Munthu amene amati boma linanama pa za Roswell samalakwa, linanamadi zaka 47. Polakwa mpoti iye amaganiza kuti chobisidwacho ndi alendo ochokera ku nyenyezi, pomwe chinali chida chaukazitape. Ine ndikayang'ana mbiri yonseyi ndimaona zomwezi zikubwerezabwereza, ndipo zimandiwawa chifukwa anthu amene amasekedwa kuti ndi opepera nthawi zambiri amakhala kuti anaonadi kanthu, kungoti yemwe amadziwa yankho anasankha kukhala duu kapena kuwasocheretsa dala.

Mau oti UFO pa okha satanthauza chombo cha ma alien. Amangotanthauza chinthu chouluka chomwe wochionayo sanachizindikire. Masiku ano a boma anasintha akumati UAP, pofuna kuthawa manyazi omwe dzina lakale linanyamula. Chipwirikiti chake chinayamba masabata awiri zija za Roswell zisanalengezedwe, pa 24 June 1947, pomwe woyendetsa ndege wina, Kenneth Arnold, anati waona zinthu 9 zikuuluka mothamanga kwambiri pafupi ndi phiri la Rainier. Pofotokoza kaulukidwe kake anati zimadumphadumpha ngati kambale koponyedwa pamwamba pa madzi, manyuzi nkulemba za mbale zouluka, ndipo posakhalitsa dziko lonse la America linayamba kuona mbale kumwamba.

Asilikali anatsegula ofesi yofufuza, poyamba Project Sign, kenako Grudge, kenako Blue Book yomwe inagwira ntchito kuyambira 1952 mpaka 1969. Malipoti onse omwe anasonkhanitsa anakwana 12,618 ndipo 701 okha ndi omwe anatsala opanda yankho. Enawo anapezeka kuti anali ndege, mabaluni, mitambo, mbalame, nyenyezi zakugwa, komanso nthanda, ija azungu amati Venus, yomwe ikawala chakumadzulo imapusitsa ngakhale oyendetsa ndege odziwa ntchito. Koma boma silinali ndi mtima wofufuza wokha. Mu July 1952 makina a radar ku Washington anaonetsa tizinthu tosadziwika pamwamba pa likulu lenilenilo, ndege za nkhondo zinatumizidwa osapeza kanthu kogwirika, akatswiri nkunena kuti kutentha kwa mpweya wosanjikizana ndi komwe kumapotoza mafunde a radar. A CIA, bungwe la akazitape la America, anachita mantha, osati ndi ma alien, koma poona kuti matelefoni a asilikali adzadza ndi anthu onena za mbale, nde anati nanga tsiku lomwe ndege za Soviet zidzabweredi uthenga wake udzadutsa pati? Mu January 1953 anakhazika komiti ya asayansi, Robertson Panel, yomwe inalangiza kuti anthu aziphunzitsidwa kuti nkhanizi nzachabe komanso magulu a anthu wamba ofufuza za ma UFO aziyang'aniridwa. Kuyambira apo ntchito ya Blue Book inakhala ngati yozimitsa moto, yankho lililonse bola nkhani ithe.

Chitsanzo chake ndi cha 1966 ku Michigan, komwe anthu ochuluka, kuphatikizapo apolisi ndi ana a pa koleji, anaona magetsi achilendo usiku. Katswiri wa zakuthambo yemwe amagwira ntchito ndi Blue Book, J. Allen Hynek, anauza atolankhani kuti mwina unali mpweya wotuluka m'dambo. Anthu anakwiya koopsa, anaona ngati akutukwanidwa, mpaka Gerald Ford yemwe panthawiyo anali phungu wa ku Michigan konko anapempha kuti nyumba ya malamulo ifufuze. Hynek yemweyo pambuyo pake anatembenuka nkuyamba kudzudzula mmene asilikali amayendetsera kafukufukuyo.

Tsono pali ndege imodzi yomwe aliyense wofuna kumvetsa nkhaniyi ayenera kuidziwa, U-2. Inapangidwa ndi kampani ya Lockheed kuti CIA izijambulira dziko la Soviet kuchokera kumwamba, ndipo anayamba kuiyesa mu 1955 pa nyanja ina youma m'chipululu cha Nevada, Groom Lake, malo omwe lero dziko lonse limawadziwa kuti Area 51. Nthawi imeneyo ndege zonyamula anthu zimauluka pakati pa makilomita 3 ndi 6 kuchokera pansi, pomwe U-2 imapitirira makilomita 18, mtunda womwe anthu amakhulupirira kuti palibe ndege ingafikeko. Nde taganizani, ndinu payiloti, dzuwa lalowa kale kwa inu kunja kwayamba mdima, koma kumwamba kwenikweni uko dzuwa likadawomba mapiko a siliva a U-2, inu mukungoona chinthu chikuyaka ngati moto pamalo pomwe mabuku anu onse amati ndege siingakhalepo, mungati chani? Amalemba lipoti, lipotilo limafika ku Blue Book, a Blue Book amafunsa mwakachetechete nkuuzidwa kuti tsiku limenelo U-2 inadutsadi kumeneko, koma samaloledwa kumuuza munthuyo zoona, nde amangomuyankha za timiyala ta ayisi mumlengalenga kapena za nyengo. Mu 1997 wolemba mbiri wa CIA, Gerald Haines, analemba kuti malipoti oposa theka a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960 anali a ndege zaukazitapezi. Ofufuza ena amati chiwerengerocho anakokomeza, koma zoti asilikali amapereka mayankho abodza pofuna kuteteza ndegezo sizikanidwa. Ndipo dzina loti Area 51 CIA inadzalivomera poyera m'zikalata zake mu 2013, tangoganizani, zaka zonsezo malo alipo, mpanda ulipo, alonda a mfuti alipo, ndege zooneka modabwitsa zikutuluka usiku, koma boma osafuna nkulitchula komwe. Munthu angalekerenji kuganiza zambiri?

Si America yokha. Pa 20 September 1977 anthu a mu mzinda wa Petrozavodsk ku Soviet Union anaona chinthu chachikulu chowala chili ndi michira yolendewera kumwamba mbandakucha. Inali roketi yonyamula setilaiti ya Kosmos-955 yomwe inanyamuka ku Plesetsk, malo omwe boma lawo silimavomereza kuti aliko, choncho kunali kwabwino kwa iwo kuti anthu azikamba za UFO kusiyana nkuti azikamba za Plesetsk.

Koma kukhala chete nkwina, kunamiza munthu dala nkwinanso, ndipo nkhani ya Paul Bennewitz ndi yomwe imandikhudza kuposa zonse. Bambo ameneyu anali ndi kampani ya zamagetsi ku Albuquerque, nyumba yake inali pafupi ndi kampu ya Kirtland. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anayamba kujambula magetsi achilendo pamwamba pa kampuyo komanso kutola mafunde a wailesi ndi zida zomwe anapanga yekha, ndipo poti anali munthu wokonda dziko lake anapita yekha kukauza asilikali kuti abale inu kuno kuli ma alien. M'malo momuuza kuti bambo zimenezo nzathu zisiyeni, wapolisi wachinsinsi wa Air Force dzina lake Richard Doty anayamba kumulimbikitsa, kumupatsa zikalata zabodza, kumuuza kuti akulondola. Wolemba wina wotchuka pa za ma UFO, Bill Moore, anadzaulula yekha pa msonkhano mu 1989 kuti naye amathandizira kupereka mabodzawo. Bennewitz anafika pokhulupirira kuti pansi pa phiri la ku Dulce pali kampu ya ma alien, tulo osagona, mpaka mu 1988 achibale ake anakamugoneka ku chipatala cha odwala maganizo. Munthu wabwinobwino, wa banja lake, kuonongedwa mutu chifukwa choti anaona zomwe samayenera kuona. Ndipo mabodza omwe anamudyetsawo sanafere pa iye, analowa m'mabuku ndi m'mafilimu, mpaka lero pa YouTube mupeza anyamata akufotokoza za Dulce ngati nkhani yotsimikizika. Zikalata zotchedwa Majestic 12 zomwe zinatulukira m'zaka zomwezo, zonena kuti Pulezidenti Truman anakhazikitsa komiti yobisa za ma alien, apolisi ofufuza a FBI atazifufuza anati nzopeka.

Nde musadabwe ndi ziwerengero. Kafukufuku wa Gallup mu 2019 anapeza kuti anthu 68 pa 100 alionse ku America amakhulupirira kuti boma likudziwa zambiri za ma UFO kuposa zomwe limanena. Koma pa kafukufuku wa Gallup wa chaka chomwecho ndi 33 okha pa 100 omwe anati ma UFO ena ndi zombo za ma alien, chiwerengero chomwe chinakwera kufika 41 mu 2021. Kusiyana kwa 68 ndi 33 kukuonetsa kuti anthu ambiri chomwe sakhulupirira ndi boma, za ma alien zimangokwera pamsana pa kusakhulupirirako. Dziko lomwe linaona chinyengo cha Watergate chomwe chinagwetsa Pulezidenti Nixon, mabodza a nkhondo ya Vietnam, ndi zida zoopsa za ku Iraq zomwe sizinapezeke, likamva mneneri wa boma akuti palibe chobisika limangoti utsi sufuka popanda moto.

Chomwe mwina chinathandiza kukweza chiwerengero chija ndi zomwe zinayamba mu December 2017, pomwe New York Times inalemba kuti Pentagon, likulu la asilikali a America, inali ndi pulogalamu yofufuza za ma UFO yomwe inadya madola 22 miliyoni, nkutulutsanso mavidiyo ojambulidwa ndi ndege za asilikali a pamadzi a Navy, omwe Pentagon inadzawatulutsa yokha mu April 2020. Anthu ambiri anamva ngati boma lavomera tsopano. Koma mukalondola ndalamazo mupeza kuti amene anazipezera malo mu bajeti ndi Senator Harry Reid wa ku Nevada, munthu yemwe anali kale ndi chidwi ndi nkhanizi, ndipo zambiri zinapita ku kampani ya mnzake Robert Bigelow, mpondamatiki wa mahotela yemwe amanena poyera kuti ma alien anafika kale padziko. Kunena kwina, boma si munthu mmodzi wa mutu umodzi, mkati mwake mulinso anthu okhulupirira za ma UFO ngati mmene aliri kunja kuno, ndipo akapeza mpando amatha kutsegula ofesi.

Mavidiyowo nawo akayang'anidwa modekha amachepa mphamvu. Ija imatchedwa GoFast imaoneka ngati kanthu kakuthamanga moopsa pamwamba penipeni pa nyanja, koma manambala omwe ali pa sikirini pomwepo akawerengedwa amaonetsa kuti kanali pafupifupi makilomita 4 kumwamba ndipo sikamathamanga modabwitsa, liwirolo ndi la ndege yojambulayo, monga mmene mitengo ya m'mbali mwa msewu imaonekera ngati ikuthawa mukakhala m'basi. Ija ya Gimbal, yooneka ngati mbale ikutembenuka, wofufuza wina Mick West anaonetsa kuti kutembenukako kumagwirizana ndi kuzungulira kwa kamera yomwe imaona kutentha, nde chozunguliracho chikhoza kukhala kunyezimira kwa injini yotentha ya ndege yakutali. Nkhani yovutirapo ndi ya November 2004 pafupi ndi sitima ya nkhondo ya pamadzi ya Nimitz, pomwe Commander David Fravor ndi anzake anati anaona ndi maso chinthu choyera chopanda mapiko chikuyenda modabwitsa. Ameneyu sindimutenga ngati wabodza, ndipo yankho lokhutiritsa aliyense silinaperekedwe. Koma kusowa yankho sikusanduka umboni wa alendo. Lipoti la akazitape la June 2021 linaunika nkhani 144 nkuzindikira imodzi yokha, chibaluni chomwe chimaphwa, ndipo chifukwa chomwe linapereka nchoti zambirizo zinalibe deta yokwanira, kavidiyo ka masekondi ochepa kosaoneka bwino basi. Onjezani kuti nyenyezi yapafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike kuno, ndipo chombo ngati Voyager 1 chingatenge zaka zoposa 70,000 kuyenda mtunda umenewo, muona chifukwa chake asayansi amafuna chinthu chogwirika asanavomere.

Pali chinanso chomwe asilikali amadera nacho nkhawa chenicheni, ma drone ndi mabaluni a mayiko ena. Mu February 2023 chibaluni cha China chinadutsa America yonse mpaka kuchiphulitsa pa 4 February kufupi ndi gombe la South Carolina. Atasintha makina a radar kuti azionanso tinthu tating'ono toyenda pang'onopang'ono, sabata yotsatira anaphulitsa zinthu zina zitatu, Pulezidenti Biden nkudzanena kuti zikuoneka kuti zinali za makampani, za kafukufuku kapena za anthu ongosewera. Kumwambaku kwadzadza zinthu, ngakhale kwathu kuno amene anaonapo ma setilaiti a Starlink atangoponyedwa kumene, atandandalika mzere ngati mikanda yowala, akudziwa mmene mtima umadumphira usanauzidwe kuti nchani.

Kuno kum'mwera kwa Africa tili nayo nkhani yathu yomwe imatchulidwa dziko lonse. Pa 16 September 1994 ana pafupifupi 62 a pa sukulu ya Ariel ku Ruwa, kufupi ndi Harare, anati pa nthawi ya buleki anaona chombo chitatera kuseri kwa bwalo ndi tianthu tovala zakuda ta maso akuluakulu. Aphunzitsi anali pa miting'i mkati, palibe wamkulu anaona. Masiku awiri izi zisanachitike anthu ambiri m'chigawo chino anaona chimoto chikudutsa kumwamba usiku, chomwe ofufuza amati chinali chidutswa cha roketi ya Zenit ya ku Russia chikupsa pobwerera, ndipo ma wailesi anali yakaliyakali ndi nkhani za ma UFO sabata imeneyo. Wofufuza wa konko Cynthia Hind anafunsa anawo ali m'magulu, wina akumva zomwe mnzake akunena, ndipo patatha miyezi iwiri kunabwera dokotala wa maganizo wa ku Harvard, John Mack, yemwe anali kale wokhulupirira nkhani zotere, ndipo uthenga woti tianthuto timachenjeza za kuononga chilengedwe unamveka kwambiri pa kufunsa kwa iyeyo. Ambiri mwa anawo lero ndi akuluakulu ndipo amaumirirabe kuti anaona, ine sindiwatcha abodza, munthu amatha kukumbukira ndi mtima wonse chinthu chomwe chinaumbidwa ndi mantha komanso mafunso a akuluakulu. Chochititsa chidwi nchoti ana ena poyamba anaganiza kuti ndi zvikwambo kapena tokoloshe, tizilombo ta ufiti ta m'zikhulupiriro za kumeneko, poti aliyense amatanthauzira chachilendo ndi zomwe anakula akumva, monga mmene kwathu chowala cha usiku ena amathamangira kunena kuti ndi ndege ya ufiti. Ndipo ku Ruwa kunalibe CIA kapena Area 51, chikhulupirirochi chimatha kumera chokha popanda boma kuthirira.

Pa 26 July 2023 David Grusch, yemwe anali wa zaukazitape mu Air Force, analumbira pamaso pa aphungu kuti America ili ndi zombo zakugwa komanso zotsalira za matupi omwe si a anthu. Koma ananenanso yekha kuti sanazione ndi maso ake, anauzidwa ndi anthu oposa 40 omwe anawafunsa. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ofesi ya AARO yomwe Pentagon inatsegula mu 2022 inalondola nkhanizi, ndipo lipoti lake la March 2024 linati palibe umboni wa chombo chilichonse cha kunja kwa dziko, koma kagulu kochepa ka anthu odziwana omwe amauzana nkhani imodzimodzi mpaka imamveka ngati yachokera mbali zambiri, ena mwa iwo anaonadi mapulogalamu enieni achinsinsi nkuwamva molakwika. Inapezanso kuti panali ganizo lotsegula pulogalamu yotchedwa Kona Blue yoti izidzasunga zombo zoterozo zikapezeka, lomwe linakanidwa, koma dzina lake limayendabe ngati umboni woti zombozo zilipo.

Okhulupirira anangoti mwaona, boma ladzifufuza lokha nkudzipeza losalakwa, ndipo kunena zoona lipotilo silinanene zonse. Mu June 2025 Wall Street Journal inalemba kuti ofufuza a AARO omwewo anapeza mkulu wina wa Air Force wopuma ntchito yemwe anavomera kuti m'zaka za m'ma 1980 anapereka zithunzi zabodza za mbale zouluka pa bala ina pafupi ndi Area 51, kuti anthu akaona ndege yachinsinsi ya F-117 aziti ndi ma alien. Anapezanso kuti kwa zaka zambiri maofesala ena atsopano amaonetsedwa chithunzi cha chombo nkuuzidwa kuti alowa mu pulogalamu yotchedwa Yankee Blue yophunzira zida za ma alien, nkuopsezedwa kuti asadzauze munthu. Anali masewera ozunza obwera kumene, koma ambiri sanauzidwe kuti anali masewera, anapuma ntchito akukhulupirirabe, osauza ngakhale akazi awo. Malinga ndi nyuziyo, lamulo loletsa mchitidwewu linatuluka mu 2023, ndipo zonsezi mu lipoti la 2024 lija sanazilembemo.